Kusunga Kanema M'chimbale

Inu adzukulu anga munabadwa kanema atasiya kale kuthawa. Lero mukaphonya mpira kapena nkhani za madzulo mumangopisa dzanja m'thumba, kutulutsa foni, n'kupeza zonse zili phee kukudikirani. Ife sitinakule choncho. Choonekera pa TV chinkadutsa kamodzi basi, ndipo ukakhala kuti unali kumaliro, kapena minibasi inachedwa kudzaza, unkangomvera kwa anzako kutacha, aliyense akufotokoza mmene anaonera iyeyo, wina kuwonjezera, wina kuchotsera. Ndiponso kanema wakwathu anabwera mochedwa. Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999, ambirife imvi zitayamba kale, ndipo chaka chomwecho, kutali ku Japan, kampani ya Pioneer inatulutsa makina oyamba a panyumba ojambulira kanema pa chimbale cha DVD. Zinthu ziwirizi zinadzakumana pa kabati yathu ku Chilomoni patapita zaka zingapo.

Makinawo anatitumizira ndi azakhali anu, aja anapita kukagwira unamwino ku Britain m'zaka zimene anamwino athu ambiri ankakwera ndege. Katoni itatsegulidwa pamkeka panamveka fungo la chinthu chatsopano, la pulasitiki ndi mapepala, losakanikirana ndi la sopo ndi majuzi amene anatsendera m'mbali kuti makinawo asagundegunde panjira. Anali opyapyala, a mtundu wa siliva, ndi kawindo kakang'ono konena nthawi. Agogo anu aakazi sanachedwe: sabata isanathe anali ataluka kale kadoilo koyera kowafunditsa, monga ankachitira ndi chilichonse cholemekezeka m'nyumba mwathu, wailesi, makina osokera, ngakhale Baibulo lalikulu lija. Pulagi yake inali ya mano atatu amakona, yolowa bwinobwino m'soketi zathu, pakuti ife ndi a ku Britain timafanana pamenepo. Anzathu amene anagula awo ku Joni ankafuna adaputala chifukwa mano a kumeneko ndi ozungulira, ndipo amene analandira a ku America anali pa vuto lalikulu koposa. Magetsi a kumeneko ndi mavolti 120, athu ndi 230, ndiye ukangolumikiza osaika chochepetsa mphamvu pakati, chotsatira chinali utsi ndi fungo la waya wopserera. Kanema wawonso ndi wa mtundu wina, NTSC, pomwe wathu ndi PAL.

Vuto loyamba linali kuseri, kumawaya. Dekoda yathu inali ndi zingwe zitatu zimene mwana aliyense wa nthawi imeneyo ankazidziwa, chachikasu cha chithunzi, chofiira ndi choyera za mawu. Makina a ku Ulaya aja anali ndi soketi ziwiri zazitali za timabowo 21, zotchedwa SCART, zimene kuno sitinkazionaona. Safunsa anadya phula, ndiye ndinawakulunga m'chitenje n'kupita nawo kwa mmisiri wa mawailesi wa pamsika, bambo wodekha amene kanyumba kake kankanunkha mtovu wosungunuka ndi fumbi lotentha, mawailesi otumbulidwa ali mbwee pansi, kagalasi kokulitsira zinthu kali lende pakhosi. Anafukulafukula m'chitini cha mabisiketi n'kutulutsa kachida kolowa mu SCART, kamene kunja kwake kunali timabowo titatu ta zingwe zija, ndi kaswitchi kolembedwa IN mbali ina, OUT mbali inayo. Kenaka anandipatsa lamulo limene linandithandiza zaka zonse.

“Achikulire,” anatero, “chithunzi chiziyenda ulendo umodzi. Chichoke m'dekoda, chilowe m'makinawa, chituluke kupita ku TV. Musanajambule muziyamba mwayang'ana TV kudzera m'makinawa. Chimene mukuona pamenepo ndicho chikulowa m'chimbale. Mukaona buluu, mujambula buluu.”

Anthu ambiri amene ankadandaula kuti makina awo ajambula mdima wokhawokha, vuto linali lomweli: kaya kaswitchi kali pa OUT, kaya makina akumvetsera pa AV1 pamene chingwe chili pa AV2. Chithunzi chikabwera popanda mawu, kapena mawu popanda chithunzi, unkadziwa kuti chingwe china chakhwefuka kapena mitundu yasinthana malo. Kadoilo kaja nako mmisiri anati kazichoka makina akamagwira ntchito, chifukwa kankatseka timabowo totulukira kutentha, ndipo makina akatenthedwa amaima okha ntchito ili pakati. Agogo anu anavomera, koma usiku uliwonse tikazimitsa ankakabwezera pamalo pake, n'kukawongola m'makona ndi chikhatho.

Kenaka zimbale. Apa ndiye panali nkhani, pakuti chimbale chopanda kanthu, chimene ogulitsa ankangoti bulanki, sichinali cha mtundu umodzi ayi. Makampani akuluakulu anali atagawanika pawiri. Pioneer ndi anzake anali ndi DVD-R, ya kamzere, pomwe Philips, Sony ndi ena anali ndi DVD+R, ya kamtanda, ndipo makina ambiri oyambirira ankalandira mtundu umodzi wokha, winawo n'kuulavula. Kuziona zinali zofanana ndendende, zonse masentimita 12 mulifupi, zonse zonyezimira, kusiyana kwake kuli pa kachizindikiro kochepetsetsa pakati pa zilembo. Ndikatuma amalume anu ku Limbe ndinkachita kuwalembera kachizindikiroko papepala, chifukwa wogulitsa akangoti “zonse n'zimodzi, bwana” mwana sangatsutse. Zolembedwa R unkajambula kamodzi, chalowa chalowa. Za RW unkafufuta n'kujambulanso, mwina mpaka ka 1000, ndiye m'menemo ndimo tinkasunga zoonera sabata yomweyo. Panalinso DVD-RAM, imene ankaikonda a Panasonic, yolimba, nthawi zina yokhala m'kabokosi kakekake, koma ma DVD ambiri a m'makomo sankaidziwa.

Pachikuto pankakhalanso nambala yaing'ono, 4x, 8x kapena 16x, yonena liwiro la chimbale. Makina akale anapangidwa za 16x zisanabwere, ndiye ena ankazikana, ena kuzilemba mopotoka, kawindo n'kunena kuti Disc Error. Mankhwala ake anali kusakasaka za 8x, zimene zinkasowerasowera chaka ndi chaka, kapena kupeza pulogalamu yatsopano ya makinawo kwa amene anali ndi intaneti.

Ndipo mtengo sunkanama. Zimbale zotchipa, zija ankagulitsa chimodzichimodzi m'timapepala m'mbali mwa msewu, zinkayamba bwino n'kudzachita chibwibwi chakumapeto, pamene nkhani yafika pokoma. Chifukwa chake n'chakuti makina amalemba kuyambira pakati, pafupi ndi bowo, n'kumazungulira kupita kunja, ndipo utoto umene kuwala kofiira kwa leza kumawotcha polemba sunkayalidwa bwino m'mphepete mwa zotchipazo. Ukatembenuza chimbale chojambulidwa n'kuchipendeketsa pawindo, unkaona ndi maso ako pamene ntchito yalekezera: mkombero wolembedwa uli woderako, kotsalako kuli kofiirira mowala. Agogo anu aakazi, amene rimoti sankaigwira n'komwe, ndi amene anali katswiri wa zimenezi. Ankayamba apukuta manja pa chitenje, kuchinyamula m'mphepete ndi nsonga za zala, kuchiyang'ana atatsinzina diso limodzi, n'kunena kuti, “Bambo, umu mwatsala malo a kwaya imodzi.” Ndipo sankaphonya.

Malo m'chimbale anali magigabaiti 4.7, osawonjezereka, ndipo mwiniwe ndi amene unkasankha kadyedwe kake. Pa rimoti panali batani losinthira: XP ola limodzi, SP maola 2, LP maola 4, EP maola 6 kapena kuposerapo. Ukachulukitsa maola, chithunzi chinkaonda. Ulaliki kapena nkhani, pamene munthu wangoima n'kumalankhula, zinkaoneka bwino ndithu ngakhale pa EP, koma mpira pa EP unali wozunza maso, udzu kusanduka timabokosi, osewera akathamanga n'kumasiya mithunzi m'mbuyo. Ndiye okonda mpira ankakakamira SP, poti mphindi 90 pamodzi ndi kupuma kwa pakati zimakwana m'maola 2, ngakhale mothinana.

Usiku wa Lachisanu, pa 2 Julaye 2010, Ghana inakumana ndi Uruguay ku Soccer City ku Johannesburg, Africa yonse ili pambuyo pa Ghana, timu yokhayo ya kuno imene inali itatsala mu World Cup. Kunkazizira kwambiri usiku umenewo, mbaula ili pakhomo, mbatata zikupsa m'phulusa, ana atafunda bulangete limodzi pamkeka. Muntari anagoletsa theka loyamba likutha, Forlán n'kudzabweza, mphindi 90 zinatha ali 1-1, mpira n'kulowa nthawi yowonjezera. Aneba athu, aphunzitsi opuma, anali ataika SP. Chimbale chawo chinadzaza nthawi yowonjezera isanapite patali, ndipo ndi phokoso linali m'nyumbamo panalibe anaona kuti kanyali kofiira kosonyeza kuti makina akujambula kazima. Dzanja la Suárez lija, pamene anatchinga mpira pamzere wa golo m'mphindi yomaliza, penate ya Asamoah Gyan yogunda chitsulo chapamwamba, ndi mapenate amene Uruguay inapambana 4-2, zonsezo m'chimbale chawo munalibe. Chathu chinali pa LP, chifukwa mmisiri uja anali atandichenjeza kuti mpira wa ndime yochotsana sudziwika pothera. Aphunzitsi anabwera m'mamawa kudzabwereka, koma sanapite nacho. Anakhala pampando wa alendo, tiyi akuzizira m'kapu, n'kumabwereza penate ija, kuibwezanso m'mbuyo, kuionanso, manja ali kumutu, ngati kuti ulendo wina mpirawo ulowa.

Makinawa ankathanso kujambula iwe kulibe. Unkawauza tsiku, ola loyambira ndi lothera, n'kuwasiya ali m'tulo, nthawi ikakwana n'kudzuka okha. Zinali zodabwitsa zedi, koma zinkafuna kuti zinthu zigwirizane. Magetsi akazima kwa nthawi yaitali wotchi yake inkaiwala, n'kumangophethira pakawindo, ndipo ukapanda kuikonza makinawo ankagona mpaka pulogalamu kutha. Dekoda inkayenera kutsala yoyaka ndiponso pa tchanelo choyenera, chifukwa makinawo sankatha kuisintha okha. Ana akaweruka kusukulu n'kuika makatuni, madzulo unkapeza chimbale chodzaza makatuni. N'chifukwa chake rimoti ya dekoda inkagona m'nsengwa pamwamba pa kabati, posafika dzanja la mwana. Tinkawonjezeranso mphindi 10 kutsogolo ndi kumbuyo, poti mapulogalamu sankasunga nthawi masiku onse. M'dzinja mvula yamphamvu ikagwa dishi inkataya chithunzi, makina n'kumajambulabe mokhulupirika uthenga wakuti chithunzi chasowa. Apo panalibe chochita.

Chisoni chenicheni chinali magetsi kuzima kujambula kuli m'kati. Chimbale cha R kawirikawiri chinkafera pomwepo, nthawi zina pamodzi ndi zonse zimene unajambulamo kale, chifukwa makina sanapeze mpata wolemba pamene alekezera. Cha RW unkatha kuchifufuta n'kuyambiranso. Makina okhala ndi hard disk m'kati anapepuza moyo wa anthu: unkayamba wajambulira m'menemo, kudula malonda, n'kudzasamutsira m'chimbale nthawi imene magetsi akhazikika. Athu analibe zimenezo, ndiye mwambo wa m'nyumba mwathu unali wakuti chinthu chofunika chizikhala ndi chimbale chakechake, kuti tsoka likagwa litenge chimodzi chokha.

Koma chinsinsi chachikulu, chosiyanitsa wodziwa ndi wosadziwa, chinali kutseka chimbale. Chimbale chojambulidwa chinkasewera bwino m'makina amene achijambula, koma ukapita nacho kwina, DVD ya eni khomo inkangoti No Disc. Chinali ngati mudzi wopanda njira yolowera: nyumba zilipo, anthu alimo, eni mudzi akudziwa tinjira tawo, koma mlendo amangozungulira kunja. Unkayenera kulowa m'menyu, kupeza pamene palembedwa Finalize, kuvomera, n'kudikira mphindi zingapo makina akung'ung'udza, akulemba mndandanda wa zonse zili m'katimo ndi pamene chilichonse chayambira. Nthawi imeneyo panalibe wololedwa kuyandikira soketi, ngakhale kuthamanga pafupi ndi kabati. Cha R ukatseka watseka, sungawonjezeremo kanthu. Za DVD+RW sizinkafuna kutsekedwa, pomwe za DVD-RW zinali ndi njira ziwiri zoyambira, Video ndi VR. Ya VR inkalola kudula ndi kukonza, koma ma DVD ambiri sankaiwerenga, ndiye chopita kwa anthu tinkachiyamba pa Video.

Msuweni wanu wamkulu anaphunzira zimenezi pa tsiku limene Mmalawi aliyense wa msinkhu wanga amalikumbukira. Lolemba pa 11 Januwale 2010, Flames ya Kinnah Phiri inakumana ndi Algeria ku Luanda, mu mpikisano wa mayiko a mu Africa umene tinali titafikako komaliza mu 1984. Algeria inali itadzigulira kale malo ku World Cup, ndiye ambiri ankangopemphera kuti tisachite manyazi. Mpira unali wa masana, anthu ali kuntchito, ine ndili pampando wanga, kanyali kofiira kakuyaka pamakina. Mwafulirwa anagoletsa, Kafoteka anawonjezera, Davi Banda n'kumaliza, 3-0. Kunja kunali malikhweru, mahutala a minibasi, amayi nthungululu mpaka kumsika. Mnyamatayo sanadikire kuti ndidzuke. Anatulutsa chimbale chikadali chofunda n'kuthamanga nacho kwa amalume ake ku Ndirande, amene anali atangoweruka osaona ngakhale chigoli chimodzi. Anabwerako kutada, nkhope ili yakugwa.

“Agogo, umu mulibe kanthu. Anthu adzaza nyumba, koma DVD ikukana.”

Ndinachipendeketsa pa nyali, mkombero woderako uja unalipo, waukulu bwino. Ndinapukuta zala zake zimene zinadinda pamenepo, kuchibwezera m'kathireyi, n'kumuuza akhale pambali panga agwire rimoti yekha. Anapeza Finalize, anavomera, tonse tili chete kupempherera magetsi, agogo anu ataima pakhomo la khitchini chipande chili m'manja. Kathireyi katatuluka anachinyamula ndi manja awiri. Madzulo a tsiku lotsatira a ku Ndirande anaonera zigoli zitatu zija, ndipo chimbale chimenecho chinayenda makomo ambiri, kubwera kunyumba n'kupitanso, mpaka tinachikopetsa china kuti choyambacho chipumule.

Makina nawo amakalamba. M'kati mwake muli kadiso ka galasi kamene kuwala kumadzera, ndipo adani ake anali fumbi la mu Okutobala, utsi wa mbaula ndi chinyezi cha chiperoni. M'mawa wa chiperoni tinkawayatsa n'kuwasiya kwa ola limodzi opanda chimbale kuti nthunzi iume. Kadiso kakada, mmisiri ankatsegula chivundikiro n'kukapukuta ndi kathonje konyowetsa spiriti, mopepuka kwambiri, atagwira mpweya. Chizindikiro cha ukalamba weniweni chinali chakuti makina ankayamba kukana kujambula pamene kuonetsa akuonetsabe, chifukwa kuwotcha utoto kumafuna mphamvu yochuluka kuposa kuwerenga. Zimbale tinkazipukuta ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita kunja, osati mozungulira, pakuti kukanda kotsata mzere wa zolembedwa kumawononga zambiri nthawi imodzi.

Panalinso kukana kwina kumene sikunali matenda. Mafilimu ambiri ogula, a pa tepi kapena pa DVD, anali ndi chitetezo choletsa kukopa, ndipo makina akachizindikira ankangoima. Matepi athu a kunyumba analibe zimenezo, ndipo ndinganene kuti ntchito yaikulu imene makinawa anatigwirira, yoposa mpira wonse, inali kupulumutsa matepi amenewo nkhungu itayamba kuwadya: chinkhoswe ndi ukwati wa makolo anu, maubatizo, kwaya ya amayi imene agogo anu ankaimbamo, nkhope za anthu amene lero ali kumanda akuvina ndi kuponya ndalama za perekaniperekani. Tinkalumikiza makina a tepi ndi zingwe zitatu zomwe zija, n'kukhala pansi kuonera tepi yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chifukwa panalibe njira yachidule. Ya maola 3 inkatenga maola 3.

Zimbale zonsezo zili m'sutikesi yabulauni pansi pa bedi, kutali ndi dzuwa ndi kutentha, zimene zimafooketsa utoto uja. Ndinazilemba ndi cholembera chofewa cha inki, osati bolopeni yokanda, ndipo sindinamatepo mapepala, chifukwa pepala limalemeretsa chimbale mbali imodzi chikamazungulira. Mukadzazitsegula mudzapeza zina zokana kusewera. Musafulumire kuzitaya. Ngati mkombero wolembedwa ukuoneka, mwina n'zosatseka chabe, ndipo chosatseka chimafuna makina amene anachilemba, kapena a kampani yomweyo. Athu akadali m'kabati, rimoti yake ili m'nsengwa, mabatire nditachotsamo kuti asawolere m'kati. Alipo mapulogalamu a pakompyuta otha kuwerenga zimbale zosatseka, amenewo ndinu odziwa. Chimene ndikupemphani n'chakuti pobwera kutchuthi mutenge kamakina kowerengera zimbale kolumikiza kunja, poti malaputopu anu a masiku ano alibe poika chimbale, tidzazisamutsire m'kompyuta utoto usanafooke. Tidzayamba ndi ukwati wa makolo anu, kenaka Algeria.